Katemera wa amayi oyembekezera m'boma la Dedza

Katemera wa amayi oyembekezera ndi katemera amene mayi amalandira ali ndi pakati kuti atetezeke iye mwini pamodzi ndi mwana amene adzabadwe. M'boma la Dedza, monga m'maboma ena onse a Malawi, katemera amene amaperekedwa ku sikelo ya amayi oyembekezera ndi woteteza ku kafumbata, matenda amene ena amawatcha kalongolongo. Kwa zaka zambiri katemerayu ankadziwika ndi dzina lakuti TTV, koma masiku ano walowedwa m'malo ndi wa Td, amene amatetezanso ku matenda a pakhosi otchedwa difiteriya. Katemerayu ndi waulere ndipo ntchito yake imayendetsedwa ndi Unduna wa Zaumoyo.

Mu 2002 dziko la Malawi linatsimikiziridwa kuti lachepetsa kafumbata wa amayi ndi makanda kufika pa mlingo umene bungwe la World Health Organization, WHO mwachidule, linakhazikitsa. Komabe tizilombo toyambitsa matendawa sitinathe, chifukwa timakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto. Choncho mwana aliyense wobadwa amatetezeka pokhapokha ngati mayi ake analandira katemera wokwanira ndiponso ngati mchombo wake wasamalidwa mwaukhondo.

Kafumbata wa makanda ndi amayi

Kafumbata amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Clostridium tetani. Bakiteriyayu amadzikuta m'chikhungwa cholimba, motero amatha kukhala m'dothi, m'fumbi, m'phulusa ndi m'ndowe kwa zaka zambiri osafa. Akalowa pabala lozama kapena lauve, pamene mpweya sufika bwino, amayamba kuswana ndi kutulutsa poizoni wamphamvu kwambiri. Poizoniyu amayenda m'mitsempha mpaka kufika m'msana ndi mu ubongo, n'kulepheretsa minofu kumasuka. Zotsatira zake n'zakuti nsagwada zimauma, khosi ndi mimba zimalimba, ndipo thupi limakokeka mopweteka.

Kwa khanda, khomo la tizilomboti ndi mchombo. Tizilombo timalowa ngati chingwe cha mchombo chadulidwa ndi lezala yakale, mpeni kapena bango, ngati chamangidwa ndi ulusi wauve, kapena ngati pamchombo papakidwa phulusa, mwaye, dothi kapena mankhwala a zitsamba. Mwana wotere amabadwa bwinobwino, ndipo amalira ndi kuyamwa ngati mwana wina aliyense kwa masiku awiri oyamba. Pakati pa tsiku la 3 ndi la 28, makamaka kumapeto kwa sabata yoyamba, amasiya kuyamwa chifukwa kukamwa sikutseguka. Manja amafumbata, msana umapindika ngati uta, ndipo thupi limadzidzimuka pakangomveka phokoso, pakawala kapena akamugwira. Nthawi imeneyi ndi yomweyo imene mayi ndi mwana amakhala ali m'chikuta kudikira kuti mchombo ugwe, n'chifukwa chake kale imfa zambiri zotere zinkachitikira m'nyumba osadziwika ku chipatala. Popanda chithandizo, pafupifupi makanda onse odwala kafumbata amamwalira.

Mayi amadwala kafumbata ngati tizilombo talowa m'chiberekero kapena m'mabala a njira yoberekera, pobereka pamalo auve, popita padera kapena pochotsa pakati ndi zida zosaphitsa. Madokotala amati ndi kafumbata wa uchembere ngati mayi wadwala ali ndi pakati kapena pasanathe masabata 6 pakatipo patatha.

Matendawa sapatsirana kuchokera kwa munthu kupita kwa mnzake. Izi zikutanthauza kuti katemera wa anthu ena a m'mudzi sateteza munthu amene sanabayitse, kusiyana ndi mmene zimakhalira ndi chikuku kapena poliyo. Ndiponso amene anadwalapo kafumbata n'kuchira sakhala ndi chitetezo, amafunikabe katemera.

Mmene katemera amagwirira ntchito

Katemera wa kafumbata alibe tizilombo tamoyo. Amapangidwa kuchokera ku poizoni wa bakiteriya uja atamuthetsa mphamvu, moti sangadwalitse mayi kapena mwana wa m'mimba. Thupi likalandira katemerayu limapanga asilikali oteteza amene amazindikira poizoniyo ndi kumugwira asanafike m'mitsempha.

Asilikali a mtundu wa IgG amadutsa pa nsengwa kuchoka m'magazi a mayi kupita m'magazi a mwana, ndipo ambiri amadutsa m'miyezi itatu yomaliza ya pakati. Mwanayo amabadwa ali ndi chitetezo chobwereka kwa mayi ake, chimene chimam'sunga m'masabata oyamba a moyo, nthawi imene chilonda cha pamchombo chili chosapola. Chitetezo chobwerekachi chimachepa pang'onopang'ono, n'chifukwa chake mwana amayamba katemera wakewake wa Penta akakwanitsa masabata 6, n'kubwereza pa masabata 10 ndi 14. Katemera wa Penta anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2002, ndipo amateteza ku matenda asanu, kuphatikizapo kafumbata, difiteriya ndi chifuwa chokoka mtima.

Mwana wobadwa masiku asanakwane amalandira asilikali ochepa chifukwa sanakhale m'mimba nthawi yonse imene asilikaliwo amadutsa. Kafukufuku wa m'maiko angapo waonetsanso kuti malungo a pa nsengwa ndi HIV zingachepetse chitetezo chofika kwa mwana. Pa chifukwa chimenechi katemera amayendera limodzi ndi zina zimene mayi amalandira ku sikelo, monga mankhwala a Fansidar oteteza ku malungo, neti yonyikidwa m'mankhwala, mapiritsi oonjezera magazi ndi kuyezetsa HIV.

Ndondomeko ya kabayidwe

Katemera amabayidwa pamnofu wa mkono wa kumtunda, mlingo wa 0.5 ml nthawi iliyonse. Mayi amene sanalandirepo katemerayu, kapena amene alibe umboni wolembedwa, amayenera kubayitsa kasanu motere:

Jakisoni woyamba amaperekedwa pa ulendo woyamba wa ku sikelo. Payekha sateteza mokwanira.

Wachiwiri amaperekedwa patatha masabata 4 kapena kuposerapo, ndipo ayenera kubayidwa kutatsala masabata awiri kapena kuposerapo kuti mayi achire. Amateteza kwa chaka chimodzi mpaka zitatu.

Wachitatu amaperekedwa patatha miyezi 6 kuchokera pa wachiwiri, ndipo amateteza kwa zaka zosachepera 5.

Wachinayi amaperekedwa patatha chaka kuchokera pa wachitatu, kapena pa pakati potsatira, ndipo amateteza kwa zaka zosachepera 10.

Wachisanu amaperekedwa patatha chaka kuchokera pa wachinayi, ndipo amateteza mayi zaka zonse zimene angabereke.

Mayi akadumphitsa nthawi sayambiranso poyamba, amangopitiriza pamene analekera, bola pakhale polembedwa. Apa ndi pamene buku la kuchipatala limakhala lofunika, pakuti ndi mmene namwino amaonera majakisoni amene mayi analandira kale. Buku likatayika kapena likanyowa, mayi amawerengedwa ngati sanabayitsepo. WHO imanenanso kuti mayi amene ali ndi umboni woti analandira majakisoni atatu ali khanda amafunika awiri pa nthawi ya pakati ndi limodzi patatha chaka.

Zovuta zobwera ndi katemerayu kawirikawiri zimakhala zazing'ono: kuwawa, kufiira kapena kutupa pamene abaya, ndipo nthawi zina kutentha thupi pang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri.

Mbiri

Bakiteriya wa kafumbata anadziwika mu 1884 kudzera m'ntchito ya Arthur Nicolaier ku Germany, ndipo Kitasato Shibasaburō wa ku Japan anakwanitsa kumulera payekha mu 1889. Katemera anapangidwa ku France m'zaka za m'ma 1920. Umboni woti kubaya mayi kumateteza khanda unachokera ku Papua New Guinea mu 1961, ndipo unatsimikizika ndi kafukufuku wina wa ku Colombia amene zotsatira zake zinatuluka mu 1966. Kuwunika kwa kafukufuku wosiyanasiyana kumene kunasindikizidwa mu 2010 kunapeza kuti majakisoni awiri kapena kuposerapo amachepetsa imfa za makanda zobwera ndi kafumbata ndi pafupifupi 94 peresenti.

WHO inayambitsa ndondomeko ya katemera ya dziko lonse lapansi, yotchedwa EPI, mu 1974, ndipo m'Malawi inakhazikitsidwa mu 1979. Mu 1988 WHO inayerekeza kuti makanda 787,000 anamwalira ndi kafumbata padziko lonse m'chaka chimenecho. Chaka chotsatira msonkhano waukulu wa bungweli unagwirizana zothana ndi matendawa, ndipo mu 1999 mabungwe a UNICEF, WHO ndi UNFPA anayambitsanso ntchitoyi, n'kuphatikizapo amayi. Mlingo umene anagwirizana ndi wakuti m'boma lililonse la dziko, makanda odwala kafumbata asafike mmodzi pa ana 1,000 obadwa amoyo pachaka. Malawi anafika pa mlingowu mu 2002, Zambia mu 2007 ndipo Mozambique mu 2010. Pofika 2018 imfa za makanda zobwera ndi kafumbata padziko lonse zinali zitatsika kufika pafupifupi 25,000.

M'chaka chomwecho cha 2018, WHO ndi UNICEF analimbikitsa maiko onse kusiya katemera wa kafumbata yekha n'kuyamba kugwiritsa ntchito wa Td, chifukwa chitetezo cha difiteriya chimene munthu amapeza ali mwana chimachepa akamakula.

Ntchito ya katemera m'boma la Dedza

Boma la Dedza lili m'Chigawo cha Pakati. Lachita malire ndi maboma a Lilongwe, Salima, Mangochi ndi Ntcheu, komanso ndi dera la Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 830,512 m'bomali. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, m'munsi mwa phiri la Dedza limene ndi lalitali mamita 2,198. Kum'mawa dziko limatsika motsetsereka kwambiri kupita ku chigwa cha Mtakataka ndi Golomoti, m'mbali mwa nyanja ya Malawi.

Anthu ambiri a kumtunda ndi alimi a chimanga, nyemba, mbatata ya kachewere ndi ndiwo zamasamba, ndipo amaweta ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba. Manyowa a m'khola amathiridwa m'minda ndi m'madimba, ndipo makola amakhala pafupi ndi nyumba. Amayi amagwira ntchito za kumunda mpaka pakati patakula. Moyo wotere umaika manja, zovala ndi pansi pa nyumba pafupi ndi dothi ndi ndowe tsiku lililonse, choncho tizilombo ta kafumbata sitikhala patali ndi mayi wobereka kapena khanda lake.

Katemera amaperekedwa pa chipatala chachikulu cha boma ku Dedza, pa chipatala cha mishoni cha Mua, ndi m'zipatala zazing'ono monga za Lobi, Mayani, Kaphuka, Bembeke, Kasina, Mtakataka ndi Golomoti. Zina mwa zipatalazi ndi za boma, zina ndi za mipingo pansi pa bungwe la CHAM. Kuyambira mu 2006 boma lakhala likuchita mapangano ndi zipatala zina za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa osalipira.

Amene amabaya katemera ndi anamwino a uzamba pamodzi ndi alangizi a zaumoyo, amene amadziwika ndi dzina lakuti HSA. Ntchito ya alangiziwa inayamba ndi anthu otemera nthomba ndiponso othandiza pa mliri wa kolera wa m'zaka za m'ma 1970, ndipo cholinga cha boma n'chakuti pakhale mlangizi mmodzi pa anthu 1,000 alionse. Alangizi amakhala m'midzi, amalemba amayi oyembekezera m'kaundula, amawakumbutsa tsiku la sikelo, ndipo amachititsa sikelo zoyendayenda mwezi ndi mwezi pa sukulu, pa tchalitchi kapena pansi pa mtengo kumadera otalikira chipatala. Katemera wa Td amaperekedwanso kwa atsikana ndi amayi a msinkhu wobereka ngakhale alibe pakati, kuti pamene adzatenge pakati akhale atayamba kale ndondomeko.

Katemerayu amasungidwa pa kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Amachoka ku nkhokwe ya dziko ku Lilongwe kupita ku nkhokwe ya boma, kenako ku mafiriji a zipatala zazing'ono, amene ena amayendera mphamvu ya dzuwa. Popita ku sikelo yoyendayenda, mlangizi amanyamula katemera m'kabokosi kosunga kuzizira, panjinga kapena wapansi. Katemera wa Td amaonongeka kwambiri akauma ngati ayezi kuposa akatenthedwa pang'ono, choncho sayenera kukhudzana ndi madzi oundana a m'kabokosimo. Ngati pali chikayiko, wa zaumoyo amakhutchumula botolo n'kuliyerekeza ndi lina limene aliumitsa dala, kuti aone ngati mankhwala akudikha msanga pansi. Botolo limene linauma limatayidwa.

Kubereka mwaukhondo

Katemera ndi mbali imodzi ya chitetezo. Mbali ina ndi ukhondo pobereka. Manja a wobereketsa, pogona mayi, chodulira mchombo ndi chomangira zonse ziyenera kukhala zoyera, ndipo mchombo uyenera kusiyidwa wouma osapakapo kanthu kalikonse kupatula mankhwala a chlorhexidine ngati a chipatala apereka.

Kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba imachita waonetsa kuti m'dziko lonse ana obadwira ku chipatala anali 55 peresenti mu 1992, 73 peresenti mu 2010 ndi 91 peresenti mu 2015-16. Mu 2007 boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho mu 2010, koma ndondomeko ya Unduna inapitiriza kulimbikitsa kuti azamba azitumiza amayi ku chipatala. Mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anakhazikitsa ntchito ya Uchembere Wabwino, imene inagwiritsa ntchito mafumu motsogozedwa ndi Mfumu Kwataine ya ku Ntcheu. Mafumu ambiri anaika malamulo a m'mudzi olipiritsa chindapusa banja limene mayi waberekera pakhomo. Pa zipatala zambiri panamangidwanso nyumba za chidikiro, kumene amayi ochokera kutali amakhala masiku awo akayandikira.

Zovuta

Kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti m'Malawi ana 90 mwa 100 alionse obadwa kwa amayi amene anafunsidwa anali otetezedwa ku kafumbata. Anapezanso kuti ngakhale amayi 95 mwa 100 anapitako ku sikelo, 24 okha ndi amene anayamba m'miyezi itatu yoyamba ya pakati, ndipo 51 anapitako kanayi kapena kuposerapo. Kuchedwa kuyamba sikelo kumakhudza kwambiri mayi wa pakati poyamba, chifukwa amafunika majakisoni awiri otalikirana mwezi wathunthu, wachiwiriyo asanafike masabata awiri omaliza. Mu 2016 WHO inalangiza kuti mayi azionana ndi a zaumoyo kasanu ndi katatu pa pakati pamodzi, ulendo woyamba pasanathe masabata 12, ndipo Malawi anatsatira malangizowa.

Zifukwa zochedwera ndi zingapo. Amayi ena amabisa pakati m'miyezi yoyamba poopa kuti anthu oipa angapachite chipongwe. Atsikana apasukulu amaopa makolo ndi manyazi. Kumene a chipatala amapempha kuti mayi abwere ndi mwamuna wake pa ulendo woyamba, mayi amene mwamuna wake ali ku ulendo kapena anakana pakatipo amatha kuzengereza. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, misewu ya fumbi ya kumapiri imaterera ndipo mitsinje imadzaza, moti sikelo zina zoyendayenda zimalephereka, pamenenso ntchito ya kumunda ili yochuluka.

Malire a dziko amabweretsa vuto lina. Msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'mphepete mwa malire a Mozambique, ndipo mabanja a mbali zonse ziwiri ndi apachibale olankhula chinenero chimodzi. Mayi amatha kuyamba sikelo mbali ina n'kukachirira mbali inayo, ali ndi mabuku olembedwa m'zinenero zosiyana, choncho kulondoloza majakisoni ake kumavuta.

Palinso mphekesera zakuti katemera amatseka amayi kuti asaberekenso. Mphekesera zotere zinamveka kwambiri ku Kenya mu 2014, ndipo WHO ndi UNICEF anazitsutsa. Katemera wa kafumbata wakhala akuperekedwa kwa amayi mamiliyoni ambiri kwa zaka zoposa 50, ndipo palibe umboni woti amalepheretsa kubereka kapena kuvulaza mwana wa m'mimba.

Akatemera ena

Si katemera aliyense amene amaloledwa pa nthawi ya pakati. Akatemera okhala ndi tizilombo tamoyo tofooketsedwa, monga wa chikuku ndi rubela, saperekedwa kwa mayi woyembekezera. Rubela akagwira mayi m'miyezi yoyamba ya pakati amatha kuchititsa mwana kubadwa wosamva, wosaona kapena ndi vuto la mtima, choncho chitetezo chake chimayenera kupezeka mtsikana ali mwana. Malawi anayamba kupereka katemera wophatikiza chikuku ndi rubela mu 2017.

M'maiko ena amayi oyembekezera amalandiranso katemera wa fuluwenza ndi wa chifuwa chokoka mtima. Katemera wa COVID-19, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu Marichi 2021, WHO imavomereza kuti amayi oyembekezera alandire chifukwa matendawa amawavuta kwambiri. Mu 2023 dziko la United States linavomereza katemera wa amayi woteteza makanda ku kachilombo ka RSV, kamene kamayambitsa chibayo, ndipo mu 2024 akatswiri olangiza WHO analimbikitsa maiko kuganizira zomugwiritsa ntchito.

Malawi watengapo mbali pa kafukufuku wa katemera wa amayi wolimbana ndi bakiteriya wa Group B Streptococcus, amene amadwalitsa makanda matenda a m'magazi ndi oumitsa khosi. Kafukufuku amene anachitikira ku Blantyre ndi ku Soweto, South Africa, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anaonetsa kuti asilikali oteteza amafika kwa mwana, koma amakhala ocheperapo kwa amayi amene ali ndi HIV. Katemera watsopano aliyense wa mtundu umenewu adzadalira njira imene katemera wa kafumbata anakonza kale, ndiyo sikelo, buku la kuchipatala, firiji ndi mlangizi wa zaumoyo.

Kulondoloza matendawa

Popeza tizilombo ta kafumbata sitingathe m'dothi, dziko limene linafika pa mlingo wa WHO likhoza kubwerera m'mbuyo ngati katemera ndi ukhondo zitalekereredwa. Pa chifukwa chimenechi kafumbata wa makanda ali m'gulu la matenda amene chipatala chilichonse chimayenera kukanena ku ofesi ya zaumoyo ya boma akangopezeka. Khanda likayamwa bwino masiku awiri oyamba kenako n'kusiya kuyamwa ndi kuuma thupi, liyenera kuthamangitsidwa ku chipatala, ndipo a zaumoyo amafufuza kumene linabadwira, chimene chinadulira mchombo ndi majakisoni amene mayi ake analandira. Mayiyo amapatsidwa katemera, ndipo amayi ena a msinkhu wobereka a m'mudzimo amawunikidwa mabuku awo kuti amene sanamalize apitirize. Imfa za makanda zochitikira pakhomo ndi zimene zimavuta kuziwerenga, choncho mafumu, azamba ndi alangizi a zaumoyo amapemphedwa kunena za mwana aliyense amene wamwalira asanathe mwezi umodzi.